Kodi nkhani iliyonse iyenera kukhala ndi ngwazi yochoka pakhomo?

Kalembera_Usiku
Moni nonse. Ndabwera ndi dandaulo, mwina mundithandiza kuliona bwino. Kwa zaka zitatu ndakhala ndikulemba buku la nkhani yaitali. Sabata yatha ndinapita nalo kumsonkhano wa alembi, komwe aliyense amawerenga chidule cha nkhani yake. Wotsogolera anajambula mzere wozungulira pa bolodi n'kuudula magawo 12. Akuti nkhani iliyonse yogwira mtima imadutsa momwemo: munthu ali kwawo, aitanidwa, ayamba wakana, akumana ndi mlangizi, awoloka malire, ayesedwa, afika pakamwa pa imfa, apeza mphoto, n'kubwerera kwawo atasinthika. Atamva yanga anangofunsa kuti, "Nanga ulendo wake uli kuti?"

Nkhani yanga ndi ya mtsikana amene watsala pakhomo kudwazika bambo ake ofa ziwalo, mlongo wake atapita kutali kukafuna ntchito. Zaka 12 osabwera. Mtsikanayo sachoka. Dziko lake lonse ndi chipinda chimodzi, khonde ndi njira ya kuchipatala. Anandiuza kuti ndasankha mpangankhani wolakwika, nkhaniyi mwini wake ndi mnyamatayo chifukwa ndiye anayenda. Chibwerereni sindinatsegule kope langa. Kodi n'zoona kuti nthano zonse za padziko ndi nthano imodzi? Ndipo ngati n'zoona, wotsala pakhomo alibe nkhani?

Chiphaliwali
Wotsogolerayo sanalakwe. Tchulani nkhani imodzi yotchuka imene munthu wangokhala pakhomo kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Owerenga amafuna kuyenda.

Mphunzitsi_Wopuma
Achemwali, kope lanu musalitaye. Tiyambe tadziwa kumene mzere wozungulirawo unachokera, chifukwa ambiri amaujambula ngati unachita kutsika kumwamba. M'chaka cha 1949 Joseph Campbell, mphunzitsi wa ku America, anatulutsa buku lotchedwa The Hero with a Thousand Faces. Anasonkhanitsa nthano za mitundu yambiri n'kunena kuti pansi pa zonsezo pali msana umodzi: kunyamuka, kuyesedwa, kubwerera. Zigawo zitatuzi anazigawanso kukhala masitepe 17. Ndipo ngakhale zitatuzo sanaziyambitse yekha. Arnold van Gennep anali atalemba kale mu 1909 kuti miyambo imene anthu a mitundu yosiyanasiyana amachita munthu akamachoka pa msinkhu wina kulowa wina imayenda patatu: apatulidwa, akhala pakatikati, kenako alandiridwanso.

Magawo 12 amene munaona pa bolodi si a Campbell. Ndi a Christopher Vogler, yemwe ntchito yake inali younika nkhani za makanema ku Disney. M'zaka za m'ma 1980 analemba kakalata ka masamba 7 kothandiza anzake apantchito, ndipo mu 1992 kanakula kukhala buku. Tsono onani mmene zinthu zinayendera. Campbell ankafotokoza zomwe ankati waziona m'nthano zakale. Vogler ankasula chipangizo cha olemba makanema. Pofika kwa wotsogolera wanu zasanduka lamulo. Woyamba anati njerwa zambiri n'zofanana, wachiwiri anakhoma chikombole, wachitatu akuti chosalowa m'chikombole sichimanga nyumba.

Wamakanema
Aphunzitsi anena zoona. Ndiwonjezere kuti buku la Campbell linatchuka kwambiri chifukwa cha George Lucas, amene anavomereza yekha kuti linamuthandiza polemba Star Wars, kanema wa mu 1977. Kenako mu 1988 pa wailesi ya kanema ku America anaonetsa zokambirana za Campbell ndi mtolankhani Bill Moyers, Campbellyo atamwalira kale mu 1987, ndipo zambiri anazijambulira pamalo a Lucas yemweyo. Kuyambira pamenepo sukulu zophunzitsa kulemba makanema zinakhamukira komweko. N'chifukwa chake lero ukangoona nkhalamba ikupereka chida kwa mnyamata wamasiye, umadziwiratu kuti nkhalambayo ifa kanema asanathe. Ndiye anthu amati, "Mwaona, makanema onse amatsatira ulendo wa ngwazi, zikusonyeza kuti ndi chilengedwe cha munthu." Ayi. Zikusonyeza kuti olembawo anawerenga buku limodzi.

Chiphaliwali
Nanga Gilgamesh anawerenga buku la ndani? Nkhani ya zaka zoposa 3,000 zapitazo, koma zonse zilimo. Apita, avutika, abwera.

Fulu_Wodekha
A Chiphaliwali, mwachita bwino kutchula Gilgamesh, koma tiyeni timutsatire mpaka kumapeto. Iye anali mfumu ya mzinda wa Uruk, m'dziko lomwe lero ndi Iraq. Nkhani yake inalembedwa pa mapale adothi 12, ambiri mwa iwo anafukulidwa m'mabwinja a Nineve, ndipo George Smith ndiye anawerenga phale lokamba za chigumula mu 1872 ku British Museum. Chimene chikumuchotsa pakhomo ulendo wake womaliza si kuitanidwa kuti akapulumutse anthu. Ndi mantha. Mnzake wapamtima Enkidu wamwalira, iye akukaniza maliro mpaka mphutsi itagwa kuchokera m'mphuno mwa mtembo. Pamenepo m'pamene zikumulowa kuti nayenso adzafa.

Ayenda mpaka kumalekezero a dziko kwa Utnapishtim, munthu amene anapulumuka chigumula n'kupatsidwa moyo wosatha. Amuyesa kuti akhale maso masiku 6 ndi usiku 7, iye kungokhala pansi tulo tamutenga. Pomumvera chisoni amuuza za chomera cha pansi pa nyanja chobwezera munthu unyamata. Amanga miyala kumapazi, amira, achizula minga ikumulasa m'manja. Pobwerera aima padziwe kuti asambe. Njoka imva fungo la chomeracho, ichitenga, n'kufundula pomwepo. Gilgamesh akhala pansi misozi ili chuchuchu. Afika ku Uruk chimanjamanja, ndipo chokhacho chimene achita n'kuonetsa mwini bwato amene anamuperekeza linga la mzinda wake. Mphoto ya pa bolodi ija ili kuti apa?

Chiphaliwali
Mphoto ndi nzeru. Wabwera akudziwa kuti munthu amafa, chotsala ndi ntchito ya manja ake. Mwanditsimikizira nokha.

Fulu_Wodekha
Vuto lake lili pomwepo. Akabwera ndi golide, akuti mphoto. Akabwera ndi mkazi, mphoto. Akabwera chimanjamanja, mphoto ndi nzeru. Akafera konko, akuti wabwerera mumzimu. Muyeso wokwana aliyense suyeza kanthu.

Nyenyezi09
Ine ndikhaleko kumbali ya a Chiphaliwali pang'ono. Kufananako kulipo ndithu, tisakane poti takwiya ndi wotsogolera uja. Taonani za kukana kuitanidwa. Mose pa chitsamba choyaka moto akupereka zifukwa motsatizana: ndine yani ine, sakandikhulupirira, sinditha kulankhula, mpaka kunena poyera kuti tumani wina. Yona amutuma ku Nineve, iye akwera chombo cholowera ku Tarisi, n'kukathera m'mimba mwa chinsomba masiku atatu. Campbell anatenga chithunzi chomwechi kukhala dzina la limodzi mwa masitepe ake. Ku India, Siddhartha, amene anadzakhala Buddha, asiya nyumba yachifumu ali ndi zaka 29 ataona nkhalamba, wodwala ndi mtembo. Rama, mwana wa mfumu m'nthano ya Ahindu, akhala kuthengo zaka 14 asanabwerere kukalowa ufumu. Anthu amene ankasimba nkhanizi sanaonerane.

Ndikuganiza kuti chifukwa chake sichili patali. Tonse tinachoka m'manja mwa amayi athu, tonse tinakumana ndi zinthu zotiposa msinkhu. Ndipo kale, munthu akapita kunkhondo, kosaka kapena kumalonda akutali, wobwerera ndi amene ankakhala pakati pa anthu kufotokoza. Amene sanabwere alibe nthano.

Mdzukulu_wa_Agogo
Nanga Kalulu timuika pati? Nyama zikukumba chitsime nthawi ya chilala, iye akana kukumba. Madzi atatuluka abwera kudzanyenga alonda mmodzimmodzi, awamanga, amwa, asambamo. Agwidwa, apulumuka ndi bodza lina. Nthano yotsatira Kalulu ndi yemweyo, sanasinthe ngakhale ubweya umodzi. Alibe mlangizi, sabwera ndi mphoto yothandiza anzake, saphunzira kanthu. Koma ana akhala akumumvera mibadwomibadwo. Chimodzimodzi kangaude Anansi kwa Aakan a ku Ghana.

Ndipo achemwali a Kalembera, kumbukirani Kamdothi. Mayi wosaona mwana aumba mwana wadothi, amuchenjeza kuti akaona mvula azithamangira m'nyumba. Tsiku lina apita kutali ndi anzake, mvula imupeza panjira, asungunuka asanafike. Woyenda ndi mwanayo, inde. Koma ine kuyambira ndili wamng'ono ndikamva nthanoyi ndimaona mayi ataima pakhomo, maso ali kumitambo, akuitana. Nthanoyo ndi yawo.

Kalembera_Usiku
Kamdothi sindinamuganizeko n'komwe. Zikomo kwambiri. Mwandigwetsa misozi.

Mphunzitsi_Wopuma
Mfundo ya Kalulu ndi imene akatswiri a nthano akhala akumutsutsira Campbell, mmodzi wa iwo Alan Dundes. Dandaulo lawo ndi lakuti ankatola kachidutswa apa, kachidutswa apo, mutu wa nthano iyi ndi mchira wa nthano ina, n'kusoka chinthu chimodzi, koma nthano zosagwirizana ndi ganizo lake ankangozilambalala. Yerekezani ndi Vladimir Propp wa ku Russia. Mu 1928 anatenga nthano pafupifupi 100 za mtundu umodzi, zochokera m'dziko limodzi, n'kupeza zochitika 31 zimene zimabwera motsatana. Sananene kuti wapeza chinsinsi cha dziko lonse. Anati nthano izi, za anthu awa, zimayenda chonchi. Pali ndandanda inanso imene anaiyamba Antti Aarne wa ku Finland mu 1910, anaikulitsa Stith Thompson, n'kuikonzanso Hans-Jörg Uther mu 2004. Imeneyo ili ndi mitundu ya nthano yoposa 2,000, chonsecho yambiri ndi ya ku Ulaya ndi madera oyandikana nako. Anthu amene anathera moyo wawo kuwerenga nthano anapeza zikwi, osati imodzi.

Kambalame
Pepani ndipatukeko. Mawu akuti ngwazi akundisokoneza m'zokambiranazi. Ine ndikamva ngwazi ndimaona munthu wa mkondo amene wapha mkango. Kalulu ndi ngwazi? Yona wothawa uja ndi ngwazi?

Nyenyezi09
Kusukulu tinkati mpangankhani wamkulu. Bwanji osangotero?

Kambalame
Mpangankhani wamkulu angakhale wakuba kapena wamantha. Ngwazi ndi woti anthu amuimbire nyimbo. N'zosiyana.

Fulu_Wodekha
Kusokonezekako si kwa ife tokha. Kwa Agiriki akale mawu awo ankanena anthu amphamvu a makedzana, ambiri obadwa kwa mulungu ndi munthu, amene ankawapembedza pamanda awo. Sankatanthauza munthu wabwino. Heracles anapha ana ake omwe atachita misala, ndipo ntchito zake 12 zija zinali zolipira mlandu umenewo. Lero tasakaniza zinthu zitatu, wamphamvu, wabwino, ndi amene nkhani ikumutsatira, ngati n'chinthu chimodzi. Ndikuona kuti wotsogolera uja anagwa m'mbuna yomweyi.

Mbalame_ya_Mvula
Ndabwera mochedwa koma ndawerenga zonse. Palibe amene wanena poyera, ndiye ndinene ine. Mzere wozungulirawo anaujambula poyang'ana mwamuna. Mwa masitepe 17 a Campbell, mkazi amaonekera ngati mulungu wamkazi wokumana naye panjira, kapena ngati woyesa wofuna kumugwetsa. Chonsecho munthuyu anaphunzitsa zaka 38 pa Sarah Lawrence College, yomwe nthawi yambiri imeneyo inali sukulu ya atsikana. Mlembi wina, Maureen Murdock, ananena kuti atamufunsa Campbell za nkhaniyi anamuyankha kuti mkazi safunika kuyenda ulendowo poti iye ndiye malo amene anthu akufuna kufikako. Yankholo silinamukhutiritse, ndipo mu 1990 analemba buku lake la ulendo wa mkazi.

Akazi oyenda alipo m'nthano. Inanna, mulungu wamkazi wa ku Sumer wakale, atsikira kudziko la akufa, pa chipata chilichonse mwa zipata 7 amuvula chinthu chimodzi mpaka afika wopanda kanthu. Naomi apita ku Moabu ndi mwamuna ndi ana aamuna awiri, abwera atawaika m'manda onse atatu. Koma amene ndikufuna mumuone, achemwali, ndi Penelope wa m'nthano ya Agiriki akale. Mwamuna wake Odysseus achoka ku Ithaca mwana ali wakhanda. Zaka 10 kunkhondo ya ku Troy, zaka 10 zina panjira. Kunyumba amuna 108 adzaza pabwalo, akudya chuma cha mwini wake, aliyense akufuna kumukwatira. Iye awauza kuti adikire amalize kuluka nsalu yodzaikira maliro a apongozi ake, Laertes. Masana aluka, usiku aphwasula, zaka zitatu, mpaka wantchito wina amuulula. Ndipo mwamunayo atabwera n'kupha adani onse, nkhani sinathe. Penelope samuthamangira. Auza wantchito kuti atulutse bedi lawo kuchipinda amuyalire kunja. Odysseus apsa mtima, chifukwa bedilo analipanga yekha pa tsinde la mtengo wa azitona lomwe mizu yake idakali m'nthaka, silingasunthe. Apo m'pamene mkaziyo adziwa kuti ndi iyedi. Wagonjetsa zimphona ndi namondwe, koma mayeso omaliza akumupatsa ndi wotsala pakhomo.

Wamakanema
Ine pa nkhani yonseyo pamene pamandigwira ndi pa galu. Odysseus afika atavala ngati wopemphetsa, palibe womuzindikira. Galu wake Argos, amene anamusiya ali kagalu, wagona pa mulu wa ndowe, nkhupakupa thupi lonse. Amva mawu a mbuye wake, agwetsa makutu, agwedeza mchira, koma mphamvu zoti adzuke alibe. Odysseus apukuta msozi mobisa n'kudutsa, poopa kudziulula. Galuyo afera pomwepo.

Chiphaliwali
Galu wa zaka 20, wosasamalidwa? Apa wolemba anawonjeza.

Kambalame
Agalu ena amafika. Wathu anafika zaka 16, maso atachita khungu koma galimoto ya bambo ankaizindikira ili patali.

Wamakanema
M'nkhani imene muli chimphona cha diso limodzi ndi mkazi wosandutsa anthu nkhumba, a Chiphaliwali chakuvutani ndi zaka za galu?

Wapaulendo
Ndiloleni ndinene zanga, mwina zithandiza mlembi wathu. Ndinakhala kunja zaka 9 ndikugwira ntchito. Kupita sikunandivute ngati mmene anthu amaganizira. Umakhala ndi mantha, inde, koma aliyense akukutsazika, akukupempherera, ndipo tsiku lililonse kuli chachilendo choti uone. Chimene palibe anandikonzekeretsa ndi kubwera. Ndinasiya mwana wa miyezi 8. Nditafika ndi zikwama zanga, anabisala kumbuyo kwa amayi ake, n'kufunsa monong'ona kuti alendowa agona pati. Mayi a kunyumba anali ataphunzira kuchita zonse okha, kukonza denga, kulondola za sukulu, kuika maliro a mayi anga ine kulibe. Ndinkafuna kufotokoza zomwe ndinaona, iwo ankamvetsera mwaulemu, koma ndinazindikira pang'onopang'ono kuti sindinafunsepo zomwe iwo anaona. Zaka zanga 9 zinali ndi mayina a mizinda. Zawo zinalibe mayina, ndiye ndinkaziyesa zopanda kanthu.

Tsiku lina ndinapeza kope limene ankalembamo ndalama zonse zomwe ndinkatumiza ndi mmene zinayendera. M'mphepete mwa masamba munali timawu: lero mwana watentha thupi usiku wonse, lero wayamba kuyenda, lero wafunsa za bambo ake. Ndinakhala pansi n'kuwerenga mpaka kumapeto. Sindinganene kuti mwa awirife anayenda kwambiri ndani.

Mphunzitsi_Wopuma
Zikomo bambo potikhulupirira ndi nkhani yotere. Apa ndimuchitire chilungamo Campbell. Mwa masitepe ake 17, okwana 6 ndi a kubwerera, ndipo loyamba mwa amenewo ndi kukana kubwerera. Ankadziwa kuti kulowanso pakhomo n'kovuta, kuti wobwerayo amapeza anthu otanganidwa ndi moyo wawo, osamva chinenero cha zomwe waona. Makanema ndiwo anafupikitsa gawo limeneli kukhala mphindi zitatu za kukumbatirana ndi nyimbo. Koma ngakhale iye ankaliona ndi maso a wolowa, osati a wotsegula chitseko.

Nthiwatiwa
Ine ndikuona kuti mkangano palibe. Mtsikana wa a Kalembera akuyenda ulendo wa mumtima. Kuitanidwa ndi tsiku limene bambo ake anagwa. Kuwoloka malire ndi pamene anasiya sukulu kapena chibwenzi. Phanga ndi chipinda cha wodwalayo. Mungosanja bwino, magawo onse 12 akwana, wotsogolerayo akhutira.

Mbalame_ya_Mvula
Ayi, a Nthiwatiwa. Akwana chifukwa mwawakakamiza. Mukatero mumusandutsa mlongo wake wovala diresi. Kudikira kuli ndi kayendedwe kakekake. Woyenda amakumana ndi chinthu chatsopano tsiku lililonse, wodikira amakumana ndi chinthu chomwechomwecho kambirimbiri, ndipo chimene chimasintha ndi iyeyo ndi mmene akuchionera. Nsalu ya Penelope ija ndi chithunzi chake: kuluka, kuphwasula, kuluka. Mzere wozungulira kamodzi sungajambule zimenezo.

Nthiwatiwa
Komatu ndimafuna kumuthandiza kuti bukulo lilandiridwe.

Mbalame_ya_Mvula
Ndamva, ndipo mtima wanu ndi wabwino. Koma likalandiridwa litasanduka buku lina, walandiridwa ndani?

Mdzukulu_wa_Agogo
Ngakhale m'nkhani za ngwazi zenizeni, yang'anani amene aima m'mbali. Tengani Sundiata Keita, amene anayambitsa ufumu wa Mali atagonjetsa Soumaoro Kanté pa nkhondo ya ku Kirina cha m'ma 1235. Akuluakulu osunga mbiri kumeneko akhala akuiimba nkhaniyi kwa zaka mazanamazana, ndipo Djibril Tamsir Niane anailemba m'buku mu 1960. Ulendo ulimo wonse: mwana wonyozeka, kuthawira kudziko la eni, kubwera kudzatenga ufumu. Koma chimene chimamudzutsa n'chiyani? Mpaka zaka 7 ankangokwawa. Mayi ake Sogolon apita kukapempha masamba a mlambe kwa mkazi mnzawo, awanyoza kuti mwana wanga amandithyolera, wanu bwanji. Abwera akulira. Mwanayo aitanitsa ndodo yachitsulo, adzikoka nayo mpaka ipindika, aima, n'kukazula mlambe wonse kudzauika pakhomo pa mayi ake. Ndipo chinsinsi cha mphamvu za Soumaoro anachipeza ndi mlongo wake Nana Triban, amene anakhala m'nyumba ya mdaniyo n'kumufunsa mochenjera mpaka ataulula. Chotsani azimayi awiriwa muone ngati mutsala ndi ngwazi.

Chiphaliwali
Chabwino. Za Penelope ndi za a Wapaulendo zandifika, sindikana. Koma achemwali a Kalembera, musachoke pano mukuganiza kuti buku lanu lilibe vuto poti anthu akukomerani mtima. Mwina wotsogolera uja anafunsa funso lolakwika atamva vuto lenileni. Penelope ali ndi amuna 108 pakhomo ndi mwana amene akufuna kumupha. Tsiku lililonse angathe kugonja. Mtsikana wanu angataye chiyani? Akufuna chiyani chimene sangachipeze akakhala? Chitseko chinatsegukapo n'kusankha yekha kusatuluka? Ngati anangotsala poti panalibe kochitira, ndimumvera chisoni masamba 20, kenako nditseka buku.

Fulu_Wodekha
Funso ili ndiye labwino kuposa la pa bolodi.

Kalembera_Usiku
Achimwene a Chiphaliwali, funso lanu landisowetsa tulo, ndipo ndikuthokoza. Chitseko chinatseguka kawiri. Koyamba anapeza malo kusukulu ya unamwino, kalata anaisunga pansi pa matiresi mpaka tsiku linadutsa. Kachiwiri munthu anamufunsira, wabwino ndithu, koma ankakhala kutali ndipo bambo sakanatha kusamuka. Vuto ndi lakuti zonsezi ndinazilemba m'ndime imodzi iliyonse, ngati ndikuchita nazo manyazi. Masamba ambiri ndinathera pa ntchito ya usiku: kuwatembenuza bambo maola awiri alionse kuti asachite zilonda, kugwira phewa ndi chiuno, kuwerenga mpaka katatu, kuwongola nsalu kuti pasakhale khwinya. Ndimazidziwa bwino chifukwa ndinazichita. Koma sindinalembe usiku umene iye anaima pakhomo pa chipinda, ola litakwana, n'kuchedwa dala mphindi khumi akumvetsera mpweya wawo, osadziwa chimene akuyembekeza kumva. Ndinkaopa kuti owerenga amuda.

Nyenyezi09
Lembani usiku umenewo. Palibe amene adzamude. Aliyense amene anadwazikapo adzaika buku pansi kaye.

Ndipo mwandikumbutsa fanizo la mwana wolowerera pa Luka 15. Wamng'ono ali ndi ulendo wonse, kuchoka, njala, nkhumba, kubwerera, mphete ndi phwando. Nkhani ikanathera pamenepo bwenzi itakwana pa bolodi. Koma ikupitirira. Wamkulu akuchokera kumunda, amva nyimbo, afunsa wantchito, akana kulowa. Bambo atuluka kukamudandaulira, iye awerenga zaka zomwe wagwira ntchito osalandira ngakhale kamwana ka mbuzi. Ndipo fanizolo likutha ali panja. Sitiuzidwa ngati analowa.

Mphunzitsi_Wopuma
Ndaphunzitsa ndime imeneyo kambirimbiri, ndipo ana akalasi nthawi zonse ankagawikana pa wamkuluyo, osati pa wamng'ono. Za wamng'ono ankagwirizana msanga. Za wamkulu belu linkalira akukanganabe.

Wapaulendo
Achemwali, mlongo wakeyo akamabwera musamupange woipa. Mwina nayenso wakhala zaka 12 akuyeseza mawu oti adzanene, ndipo akafika pakhomo onse amuthawa. Ine ndinangoti, "Mwaswera bwanji," ngati ndinachoka m'mawa.

Kalembera_Usiku
Bambo, mawu amenewo ndikupemphani ndiwabwereke, ngati simudandaula. Ndatsegula kope usiku uno. Mutu wa 14, umene mnyamatayo amafika, ndinaulemba ndikumutsatira iye kuchokera pamene watsika basi. Ndaung'amba. Tsopano ukuyambira m'chipinda. Mtsikanayo wagwira phewa ndi chiuno cha bambo ake, wawerenga kamodzi, kawiri, ndipo panja wina akuodira ndi mawu amene akufanana ndi a bambo akewo asanadwale. Sangawasiye ali chammbali, agwa. Ndiye wodikira panja ndi mlongo wakeyo, mpaka iye amalize.

Wapaulendo
Tengani, ndi anu. Amudikiritse nthawi yaitali bwanji?

Kalembera_Usiku
Mpaka nsalu itawongoka.